Dzina la Kaliwondewonde ndi Ophunzira a ku Yunivesite

Nthenda ya Edzi itapezeka koyamba m'Malawi mu 1985, anthu anaitcha maina monga mwa zimene maso awo anaona. Ena anati magawagawa, ena kaliwondewonde, pakuti wodwalayo ankatha thupi kufikira kutsala mafupa okhaokha. Dzina lachiwirili linali loona pa nthawi yake, koma lero lasanduka msampha, ngakhale kwa ophunzira a m'mayunivesite a ku Zomba, ku Mzuzu ndi ku Bunda, amene angathe kulongosola za kachilombo ka HIV pa mayeso osaphonya kanthu.

Msamphawo ndi uwu: dzinalo limaphunzitsa munthu kuyeza mnzake ndi maso. Mnyamata akaona namwali wathupi, wa khungu losalala, mtima umakhala pansi, nati, "Uyu ndiye alibe." Koma kachilomboka kamatha kukhala m'thupi zaka zambiri mwiniwake osamva kupweteka kulikonse. Ndiponso munthu amapatsira mnzake msanga m'masabata oyamba atangokatenga, pamene kachulukana m'magazi koma nkhope ili bwinobwino.

Chiyambire 2004, pamene boma linayamba kupereka ma ARV kwaulere, nkhani inatembenuka ndithu. Amene akumwa mankhwalawo mokhulupirika, kufikira kachilombo katachepa kosaonekanso poyeza, sapatsira mnzake pogonana. Tsono wophunzira amene anzake amamunong'ona m'hostelo chifukwa anamuona ku chipatala, kawirikawiri sindiye woopsa ayi. Woopsa ndi uja sanayezetsepo, amenenso amanyoza kondomu ndi mawu akuti switi sadyera m'pepala.

Kuyezetsako sikulinso kwa manyazi monga kale, pakuti kuli kachipangizo kodziyezera wekha m'kamwa, ndipo zotsatira zimaoneka pa mphindi 20. Koma zimenezi zikasonyeza kuti kachilombo kalipo, ayenera kukatsimikiza ku chipatala. Zikasonyeza kuti palibe, pamene anagonana mosadziteteza posachedwa, abwerezenso patapita miyezi 3. Amene wagwiriridwa, kapena kondomu yamung'ambikira, asadikire kuti aone ngati awonda: mankhwala a PEP amayambidwa pasanathe maola 72, namwedwa masiku 28.

Mphunzitsi wa ku pulayimale adzakumana nalo dzinali m'kamwa mwa ana, amene analimva kwa agogo awo. Pamenepo adzafunika kulekanitsa mawu awiri amene ambiri amawasokoneza: kachilombo, kamene kamabisala, ndi Edzi, imene imafika pambuyo pake chitetezo cha m'thupi chitafooka.