Odzutsa mathalakitala akale ku Guilleme

Mathalakitala ambiri amene amayenda m'misewu yafumbi ya ku Guilleme, m'boma la Mchinji, ndi aakulu kuposa anyamata amene amawayendetsa. Ena adafika m'dziko muno m'zaka za m'ma 1970, nthawi imene maesiteti a fodya ankatsegulidwa paliponse ku Mchinji ndi ku Kasungu. Alimi ang'onoang'ono ataloledwa kulima fodya wa bale kuyambira mu 1990, maesiteti ambiri adayamba kulowa pansi. Makina awo ena adagulitsidwa, ena adangosiyidwa kuseri kwa zigafa, udzu n'kumera mpaka pachiwongolero. Amene amawadzutsa lero ndi amakaniko a dizilo ochepa chabe, ambiri opanda garaja ngakhale chikwangwani. Munthu ukamufuna umachita kufunsa kwa owotcherera kapena pachigayo, iwo n'kukulozera.

Woitana makaniko nthawi zambiri amakhala mlimi amene soya ndi mtedza zamukomera, kapena wogula mbewu amene watopa ndi kulipira ngolo za eni. Thalakitala yatsopano sangaiyerekeze, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndiye amagula chiphakasa, n'kuchikokera pakhomo.

Chimene amakaniko amakonda kwambiri ndi Massey Ferguson 135, yomwe idayamba kupangidwa mu 1964. Ndi yaing'ono, ndipo injini yake ya Perkins ili ndi mapisitoni atatu okha. Mulibe kompyuta, mulibe nthambo zosokoneza mutu. Masipanala ochepa amakwanira kuimasula yonse. Mwayi wina ndi wakuti kampani za Millat ku Pakistan ndi TAFE ku India zakhala zikupanga mathalakitala a mtundu womwewu kwa zaka zambiri, choncho mapisitoni, maring'i ndi magasiketi amapezekabe. Wandalama amapita ku Farming and Engineering Services, amene amagulitsa katundu wa Massey Ferguson m'dziko muno. Ambiri amathera ku Malangalanga mu Lilongwe, ndipo chikasowa kumeneko amawoloka pa Mwami kukafufuza ku Chipata. Chikasowa konseko, amakagwada kwa munthu amene ali ndi thalakitala yakufa kuti awagulitseko chitsulo chimodzi. N'chifukwa chake mudzapeza thalakitala yofiira ili ndi mpando wa Ford ndi magetsi a minibasi.

Ntchito imayamba ndi kudekha. Injini imene yakhala zaka osalira imagwirana ndi dzimbiri, ndipo makaniko wodziwa sayamba ndi hamala. Amachotsa manozo, n'kuthira dizilo m'mabowo, n'kuisiya masiku angapo. M'mawa uliwonse amabwera kudzaigwedeza pang'ono ndi chitsulo, kutsogolo ndi kumbuyo, mpaka tsiku lina imvekere phwe, yamasuka. Wopupuluma amapinda ndodo ya pisitoni, mwini wake n'kuluza ndalama pachabe. Ikamasuka, pamabwera ntchito yotulutsa mpweya m'mapaipi a dizilo: mnyamata akupopa kapampu ka m'mbali ndi chala, mkulu akumasula nati pang'onopang'ono, onse maso pa thovu, kudikira kuti mafuta ayambe kutuluka oyera. Batire nthawi zambiri imakhala yobwereka. Ikakana, amaitana anthu odutsa kuti akankhire pamtsetse.

Ikangolira, makaniko amayang'ana utsi. Wakuda umanena kuti dizilo wachuluka kapena mpweya sukulowa bwino. Wabuluu ndiye kuti injini ikudya oyilo, maring'i atha. Woyera wosatha umachititsa nkhope kugwa, chifukwa mwina madzi akulowa mosayenera. Apa mpamene mumamva mawu amene mwini thalakitala aliyense amawaopa: "Bwana, iyi tiigwetse basi." Kugwetsa injini pansi pa mtengo wa mango, mphepo ya mu Ogasiti ikuulutsa fumbi, kumafuna ukhondo umene anthu saganizira akaona ovolosi yakuda bii. Zitsulo zimatsukidwa mu dizilo, n'kuyalidwa pa thumba la feteleza motsatana ndi mmene zatulukira. Gasiketi yaing'ono ikasowa, makaniko amaika katoni pachitsulo n'kumagogoda m'mphepete ndi kahamala mpaka idulike yokha molingana ndendende. Koma pampu yaikulu ya dizilo saitsegulira pamtetete. Imeneyo imakulungidwa m'nsalu, n'kukwera minibasi ya ku Lilongwe kwa amene ali ndi makina oiyezera. Makaniko amene amati zonse amatha yekha ndi woti muzimuopa.

Ku England nakonso kuli anthu odzutsa mathalakitala akale, makamaka kathalakitala kotuwa ka Ferguson TE20 komwe kankapangidwa ku Coventry pakati pa 1946 ndi 1956. Koma iwo amachitira chisangalalo: amapala dzimbiri lonse, amasaka penti wofanana ndi wa kufakitale, n'kukaionetsa kuchionetsero itawala mbee. Kuno penti ndiye chomaliza, ndipo kawirikawiri ndalama zimatha asanamufike. Chofunika n'chakuti mikono ya kumbuyo inyamule pulawo osagwetsa, mabuleki agwire, matayala akuluakulu aja akhale ndi mano. Ndipo tinene zoona, kulima ndi gawo lochepa la moyo wa thalakitala ya kuno. Minda yambiri ikulimidwabe ndi khasu ndi ng'ombe. Miyezi yambiri thalakitala imakoka ngolo: njerwa, mchenga, nkhuni, matumba a soya opita kwa Kamwendo, ngakhale anthu opita kumaliro.

Pa malipiro ndiye pamavuta. Mwini amakonda kukagula yekha zipangizo poopa kuberedwa, n'kubwera ndi zotchipa zomwe sizitha chaka, zikawonongeka mlandu n'kugwera makaniko. Ndalama ya ntchito ena amapereka theka, yotsalayo "tikakolola", ndipo nthawi zina imabwera ngati matumba a chimanga. Inde, alipo amakaniko amene amachotsa chitsulo chabwino n'kuikapo chakutha, ndipo ndi amene adaipitsa mbiri ya anzawo. Komabe ine ndimaona kuti ambiri amalipidwa mochepera kwambiri poyerekeza ndi zimene amadziwa.

Akuluakulu a ntchitoyi ambiri adaphunzirira m'magaraja a m'maesiteti ndi a kumishoni, poyamba ngati otsuka zitsulo ndi opatsira masipanala. Ochepa adapita kusukulu zaluso monga Lilongwe Technical College. Anyamata a lero ambiri safuna kudikira zaka zonsezo. Njinga zamoto za kabaza zadzaza paliponse, zimawonongeka tsiku ndi tsiku, ndipo wokonza amalandira ndalama yake dzuwa lisanalowe. Thalakitala imodzi imatha kudya mwezi wathunthu. Choncho mu Okutobala, mitambo ikayamba kusonkhana ndipo aliyense wakumbukira kuti thalakitala yake idaima mu Juni, makaniko mmodzi amakhala akuyembekezeredwa m'midzi itatu tsiku limodzi, foni ikulira m'thumba, manja ali mu oyilo.