Mphatso Yothamangitsa Galimoto: Yambani Mwafunsa Musanalipire

Amayi anzanga, m'mwezi wa February chaka chatha, mng'ono wanga amene amagwira ntchito yosamalira nkhalamba mu mzinda wa Northampton ku Mangalande anandiimbira lamya usiku. Atandilonjera ndi kufunsa za moyo wa amayi athu kumudzi, anati: "Achemwali, alamu anu akukwanitsa zaka 50 mu June. Ndaganiza zowalipirira kuti akathamangitse galimoto ya mpikisano, ikhale mphatso ya tsiku lokumbukira kubadwa kwawo. Inu mukuona bwanji?"

Ine ndinamuyankha mokalipa. Ndinati: "Iwe, kodi ndalama zakuchulukira? Nyumba ya amayi ikudontha, ndipo iwe ukufuna kulipira kuti amuna ako akathyoke khosi? Bwanji osawagulira suti kapena wotchi monga amachitira anzako?" Iye anangoseka, nandipempha kuti ndimumvere kaye mpaka amalize.

Alamu angawo anayamba ntchito ali mnyamata monga kondakitala wa minibasi ya pakati pa Limbe ndi Zomba, kenaka anakhala dalaivala, ndipo kufikira lero amayendetsa galimoto yogawa katundu m'masitolo. Lamulungu lililonse la mpikisano, akachoka ku tchalitchi amakhala pa kanema osafuna kuyankhulitsidwa. Bwalo lotchuka la Silverstone lili kufupi ndi kumene amakhala, koma pa zaka zonsezi anali asanapondemo. Masuti ali nawo atatu, ndipo amangovala imodzi. Pamenepo ndinakhala chete, pakuti ndinaona kuti mng'ono wanga amawadziwa amuna ake kuposa mmene ine ndinawadziwira. Tinagwirizana kuti asalipire kanthu tisanafufuze bwino, ndipo zimene tinapeza ndizo ndikufuna kukuuzani, makamaka inu amene muli ndi ana kapena abale ku Mangalande ndi ku Joni, amene tsiku lina angakufunseni nzeru monga anandifunsira ine.

Mphatso imeneyi simuikulunga m'pepala ayi. Mumagula chikalata kwa eni bwalo kapena ku kampani ina yogulitsa zikalata zotere, ndipo mwini mphatso amasankha tsiku lopita. Akafika amaonetsa laisensi yake, amasaina mapepala, kenaka amakhala m'chipinda pamodzi ndi anzake kumvetsera malangizo. Amawaphunzitsa kuti mabuleki amapondedwa galimoto isanafike pokhota, osati ili kale pakati pa kona, ndiponso tanthauzo la mbendera: yachikasu ikutanthauza kuti kutsogolo kuli choopsa, yofiira kuti kuthamanga kwaimitsidwa, ndipo ya mabanga akuda ndi oyera kuti nthawi yatha. Akatero amavala chisoti cholimba, namangidwa malamba. M'galimoto ya mipando iwiri mlangizi amakhala pambali pake n'kumamuuza pochepetsa liwiro ndi powonjezera. M'galimoto ya mpando umodzi, yofanana ndi zija za pa kanema, munthu amakhala yekha.

Bwalo la Silverstone linali la ndege za nkhondo pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Mpikisano waukulu woyamba unachitikapo mu 1948, ndipo pa 13 May 1950 mpamene panayambira mpikisano wa dziko lonse wa Formula One. Tsiku limenelo anapambana ndi Giuseppe Farina wa ku Italy pa galimoto ya Alfa Romeo, Mfumu George VI ikuonerera. Msewu wake waukulu ndi wotalika pafupifupi makilomita 6, uli ndi makona 18, ndipo akatswiri amauzungulira m'mphindi imodzi ndi theka. Lewis Hamilton, amene alamu anga amamukonda, anapambanapo kachisanu ndi chinayi mu 2024. Mabwalo ena otchuka ku Mangalande ndi Brands Hatch ku Kent, Thruxton ku Hampshire ndi Donington Park ku Leicestershire. Ku South Africa kuli Kyalami, pakati pa Johannesburg ndi Pretoria, limene linatsegulidwa mu 1961 ndipo Formula One inathamangapo komaliza mu 1993. Kulinso Zwartkops kufupi ndi Pretoria ndi Killarney ku Cape Town.

Tsono akuluakulu anati safunsa anadya phula. Funso loyamba ndi ili: kodi munthuyo adzazungulira kangati, ndipo pa msewu uti? Mng'ono wanga anapeza chikalata chotsika mtengo chimene chinali ndi chithunzi cha galimoto yofiira yokongola ndi mawu akuti tsiku losaiwalika. Atawerenga timalemba tating'ono ta m'munsi anapeza kuti kuzungulira kunali katatu kokha, pa msewu waufupi wa pa bwalo lakale la ndege kutali ndi kwawo. Munthu akanayenda ulendo wa maola awiri kuti akagwire chiwongolero mphindi zisanu. Ngakhale pa mabwalo otchuka, alendo nthawi zambiri amawayendetsa pa msewu wina waufupi, osati uja wa akatswiri. Choncho funsani kutalika kwa msewuwo ndi nthawi yeniyeni imene munthu adzakhale akuyendetsa.

Chachiwiri, funsani za laisensi. Malo ambiri amafuna laisensi yathunthu, osati ya wophunzira, ndipo pa galimoto zina amafuna munthu wodziwa kusintha magiya ndi dzanja. Amene ali ndi laisensi ya dziko lina afunsiretu ngati adzailandira. Lamulo la ku Mangalande limalola munthu wosamukirako kuyendetsa pa msewu ndi laisensi ya kwawo kwa miyezi 12 yokha, ndipo eni bwalo nawonso ali ndi malamulo awoawo. Ndi chinthu chochititsa manyazi kuti bambo abwezedwe pa chipata pa maso pa ana awo.

Chachitatu ndi thupi la munthuyo, ndipo apa mpamene mng'ono wanga akanataya ndalama zake. Mtima wake unali pa galimoto ya mpando umodzi, poti ndiyo imene amuna ake amaonera. Koma galimoto zimenezi ndi zopanikiza ngati mtondo, ndipo eni ake amaika malire a kutalika ndi kulemera kwa woyendetsa. Alamu anga ndi munthu wamtali ndiponso wodzaza thupi. Mkazi wawo atawayeza mochenjera, ponamizira kuti akufuna kuwasokera malaya, anapeza kuti apitirira malirewo. Kuwonjezera apo amamwa mankhwala a kuthamanga kwa magazi. Munthu wa vuto la mtima, la msana kapena la khosi, ndiponso mayi woyembekezera, sayenera kukwera galimoto zotere asanafunse adokotala, chifukwa pokhota ndi poima mwadzidzidzi thupi limakankhidwa mwamphamvu.

Chachinayi, funsani mtengo wonse. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mtengo wolembedwa ndi malemba akuluakulu kawirikawiri si umene mudzalipire pomaliza. Ena amawonjezera ndalama mukasankha Loweruka kapena Lamulungu. Zithunzi ndi kanema wa tsikulo amagulitsa padera. Chachikulu ndi ichi: woyendetsa akaononga galimoto amayenera kulipira gawo la zoonongekazo, ndipo ndalamayo ikhoza kuposa mtengo wa mphatso yonse. Pa chifukwa chimenechi malo ambiri amagulitsa chitetezo cha ndalama pang'ono chochotsa kapena kuchepetsa mlanduwo. Musachione ngati chowonjezera chopanda ntchito. Muchiwerengere pa mtengo kuyambira pachiyambi, pamodzi ndi petulo wa pa ulendo ndi chakudya cha ana.

Chachisanu, onani tsiku limene chikalatacho chidzathe mphamvu, pakuti zambiri sizipitirira chaka. Funsaninso chimene chimachitika mwini wake akadwala, kukagwa maliro, kapena nyengo ikaipa. Ku Mangalande mvula imagwa mwezi uliwonse, ndipo mvula wamba siiletsa kuthamanga, koma chifunga kapena madzi oundana pa msewu zikhoza kuimitsa zonse. Chikalata choiwalika m'kabati n'chimodzimodzi ndalama zoponyedwa m'chitsime.

Titamva zonsezi ndinamulangiza mng'ono wanga chinthu chimodzi chimene poyamba sanachifune. Ndinati: "Auze amuna ako. Mphatso yokhudza thupi la munthu ndi thumba la banja siyenera kukhala yodzidzimutsa." Anandimvera. Alamu anga atamva anakhala chete nthawi yaitali, kenaka anafunsa kumene ndalamayo ichokere. Mkazi wawo anawaonetsa kabuku kake. Iye ali m'gulu la chipereganyu la amayi asanu ndi atatu ogwira naye ntchito, ndipo mwezi wake wolandira unali April. Anagwirizana kuti gawo lalikulu lipite kumudzi kukagula malata a nyumba ya amayi, ndipo lotsalalo ndilo likhale la mphatso. Sanakongole kwa munthu, sanakhudze ndalama ya lendi kapena ya sukulu. Bambowo anapita okha kwa adokotala, ndipo atawayeza anawalola.

Anasankha galimoto ya mipando iwiri, mlangizi ali pambali, pa tsiku la m'kati mwa sabata. Usiku wa dzulo lake sanalawe mowa. Anavala nsapato zafulati zopyapyala pansi kuti azimva bwino popondera. Mng'ono wanga akuti pozungulira koyamba amuna ake ankayenda ngati anyamula mazira, mpaka mlangizi anawauza kuti kuno kulibe apolisi a pa msewu. Pozungulira komaliza ana anali kukuwa pa mpanda. Atatuluka anavula chisoti manja akunjenjemera, ndipo mawu oyamba amene ananena anali akuti: "Zaka zonsezi ndimayesa kuti ndimadziwa kuponda mabuleki." Madzulo ake anandiimbira okha, nati: "Alamu, zikomo poti munakalipa, chifukwa denga lafoleredwa ndipo ine ndathamanga."

Nditafotokoza nkhaniyi pa msonkhano wa gulu lathu la amayi, mayi wina wachikulire anafunsa ngati zimenezi ndi za abambo okha. Iyayi. Mu 1975 Lella Lombardi wa ku Italy anapeza theka la pointi pa mpikisano wa Formula One ku Spain. Mu 1980 Desiré Wilson wa ku South Africa anapambana amuna pa mpikisano wa galimoto za Formula One za m'dziko la Britain pa Brands Hatch, ndipo malo ena okhalapo oonerera pa bwalolo anatchedwa dzina lake. Mayi amene ali ndi laisensi akhoza kulandira mphatso yomweyi. Amene alibe, kapena amene akuopa, m'malo ambiri akhoza kukwera pambali pa katswiri n'kumva liwirolo popanda kugwira chiwongolero.

Mayi winanso anadandaula kuti mphatso yotere ingaphunzitse bambo kuthamanga pa msewu. Nkhawa imeneyi ndi yoona, ndipo tiyenera kuinena poyera. Pa bwalo galimoto zonse zimalowera kumodzi, palibe njinga, mbuzi kapena mwana wodumpha msewu, ndipo achipatala amakhala pafupi. Pa msewu wathu wa M1 zonsezi palibe. Liwiro litsale pa bwalo pomwepo pamodzi ndi chisoti.

Ambiri a ife sitidzagula chikalata chotere, ndipo palibe cholakwa. Koma tsiku lobadwa la bambo a kunyumba likamayandikira, kaya mphatsoyo ndi ya ku Silverstone, kaya ndi matayala atsopano a njinga kapena wailesi yomverapo mpira, mafunso ake ndi omwewa. Kodi munthuyu amakondadi chiyani? Kodi thupi lake lilola? Kodi mtengo wonse ndi wotani, ndipo ndalamayo ikachoka, m'nyumba mutsala ufa? Mng'ono wanga wandiuza kuti chaka chamawa, pamene iye adzakwanitse zaka 40, amuna ake ayamba kale kusunga, ndipo amufunsa kale chimene akufuna.