Chingwe cha Lamya ndi Zithunzi za Banja

Pa misika ya Balaka ndi Liwonde alipo anyamata a makompyuta amene amathira nyimbo m'lamya. Ambirife timawasiyira lamya yosakhoma, n'kupita kukagula ndiwo. Kodi tidziŵa kuti akalumikiza chingwe cha USB angathe kukopera zithunzi zonse za banja lathu? Tiziimirira pomwepo kufikira atatsiriza.

Komatu chingwe chomwecho chinatithandiza ife. Mvula ya namondwe Freddy, mu 2023, inaononga lamya yathu. Zithunzi za ukwati wa mwana wathu zinapulumuka, popeza mdzukulu anali atazikopera pa kompyuta kuchokera mu foda yotchedwa DCIM. Nyimbo za kwaya, zimene tinazengereza kukopera, zinapita ndi madzi, ndipo aŵiri mwa oimbawo anatisiya kale.