Angónia: Abale Athu a Kutsidya kwa Msewu

Amalawi ambiri akamva za Mozambique amaganiza za Beira, Nacala ndi Chipwitikizi. Komatu woyenda pa msewu wa M1 kuchokera ku Dedza kupita ku Ntcheu amakhala akulambalala dzikoli. Pa Lizulu msewuwo ndiwo malire, ndipo mayi wogulitsa kachewere mbali inayo ali kale m'chigawo cha Tete. Kumeneko kuli boma la Angónia, lomwe likulu lake ndi Ulongué, tauni imene Apwitikizi ankaitcha Vila Coutinho. Ndi dera lokwera, lozizira ngati Dedza, la mvula yambiri, moti chimanga, nyemba ndi kachewere zake zimadyetsa mzinda wotentha wa Tete.

Anthu a kumeneku si alendo kwa ife. Angoni a Maseko adakhazikika pa phiri la Domwe pakati pa Achewa, nakwatirana nawo mpaka kutengera chiyankhulo chawo, ndipo mfumu Chikuse inkalamulira mbali zonse ziwiri. Pangano la Britain ndi Portugal la 1891 ndilo lidalemba mzere potsata mtunda wolekanitsa mitsinje yopita ku nyanja ndi yopita ku Zambezi. Ufumu udang'ambika pakati: Gomani ku Ntcheu, Zintambira ku Angónia.

Wina atha kunena kuti zimenezi n'zakale, malire adakhwima. Zoona, boma la Angónia lili ndi zigawo ziwiri, Ulongué ndi Domué, chifukwa Tsangano adapatulidwa mu 1986 kukhala boma palokha. Zikalata za m'maofesi zimalembedwa m'Chipwitikizi, ndalama ndi metikali, ndipo wodutsa ndi katundu pa chipata cha Calómuè amaonetsa mapepala. Koma zonsezi n'za kayendetsedwe ka boma, sizidasinthe magazi. Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itavuta, Malawi idalandira othawa kwawo oposa 1 miliyoni, ndipo ku Dedza ndi ku Ntcheu ambiri adafikira m'midzi ya achibale, nalima ndi kuika maliro limodzi mpaka mtendere wa 1992. Chikhala kuti mzere wa azungu udathetsa ubale, zimenezi sizikadatheka.

Malamulo a dziko la eni tiziwalemekeza ndithu, koma tileke kuona mlimi wa ku Angónia ngati wobwera. Akuluakulu a maboma a Dedza, Ntcheu ndi Angónia azikambirana pafupipafupi za misika, zipatala ndi umbava wa ziweto, poti anthu amene akuwatumikira ndi amodzi.