Nyamakazi Youmitsa Mapewa ndi Chiuno mwa Okalamba

Tikamayendera odwala m'miphakati yathu timapeza agogo amene akulephera kukweza manja kuti avale malaya kapena kumanga duku. Ambiri timangoti ndi ukalamba. Koma ukalamba umabwera pang'onopang'ono. Ngati munthu amene amalima bwinobwino mwezi watha wauma mapewa onse awiri, khosi ndi chiuno m'masabata ochepa chabe, tiganizire za matenda.

Amodzi mwa matenda otere madokotala amawatcha polymyalgia rheumatica, dzina limene dokotala wina wa ku Britain, Stuart Barber, anapereka mu 1957. Ndi mtundu wa nyamakazi. Chitetezo cha m'thupi chimatupitsa minofu yozungulira mfundo za mapewa ndi chiuno, ndipo sapatsirana. Amagwira anthu opitirira zaka 50, makamaka a zaka za m'ma 70, ndipo amayi ndiwo amadwala kwambiri kuposa abambo. Chizindikiro chake chachikulu ndi cha m'mawa: thupi limauma kupitirira mphindi 45, wodwala amavutika kudzuka pamphasa, koma dzuwa likakwera amapezako bwino. Ena amatentha thupi, kutopa ndi kuonda.

Matendawa ndi ofala kumpoto kwa Ulaya kuposa kuno kwathu. N'chifukwa chake sibwino kudziyeza tokha. Chifuwa chachikulu cha TB, kachilombo ka HIV, khansa ndi nyamakazi zina zimayambanso ndi kuphwanya m'thupi ndi kuonda. Dokotala amayamba wafufuza zimenezi, komanso amayeza magazi kuti aone ngati m'thupi muli kutupa.

Unduna wa Zaumoyo, umene likulu lake lili ku Capital Hill, unakonza kuti wodwala ayambire pa chipatala chaching'ono. Akalephera kumeneko amamutumiza ku chipatala chachikulupo monga Bwaila ku Old Town, kenaka ku Kamuzu Central. Musaope kufunsa kalata yokutumizani, ndipo buku la kuchipatala lisatsale kunyumba. Fotokozani tsiku limene kuumako kunayamba, ziwalo zake, ndi nthawi imene kumatenga m'mawa.

Mankhwala ake ndi prednisolone, kawirikawiri mamiligalamu 15 patsiku poyamba. Ambiri amapeza bwino m'masiku ochepa, ndipo ngozi ili pomwepa. Wina amasiya kumwa poti wachira, wina amagawira mnzake, winanso amakagula yekha mapiritsi pamsika. Zonsezi ndi zolakwika. Prednisolone amachepetsedwa pang'onopang'ono, kwa chaka chimodzi kapena ziwiri, motsatira dokotala. Kusiya mwadzidzidzi kumabweza ululu ndipo kungafooketse munthu koopsa. Kumwa nthawi yaitali kumakweza shuga ndi kuthamanga kwa magazi, kumafewetsa mafupa, ndiponso kungadzutse TB imene inagona m'thupi. Mwana amene akusamala kholo lake aonetsetse kuti zimenezi zikuyezedwa.

Pali chinthu chimodzi chosadikira mawa. Mwa odwala asanu aliwonse, pafupifupi mmodzi amatupanso mitsempha ya magazi ya m'mutu. Mutu umapweteka mwachilendo m'mbali, pakati pa diso ndi khutu, khungu la kumutu limawawa popesa, nsagwada zimatopa potafuna, ndipo maso amachita chidima kapena kuona zinthu ziwiriziwiri. Diso likafa ndi matenda amenewa nthawi zambiri silibwerera. Wodwala wotere apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi Lamulungu, ndipo muuze dokotala za maso musanayambe kunena za mapewa. Ku Kamuzu Central kuli chipatala cha maso.