Palibe ankafuna kukhala Amina

Mwezi wathawu kalabu ina ya achinyamata ya kuno kumapiri a Dowa, chakumalire ndi Ntchisi, inandiitana kuti ndikaithandize kukonza sewero. Ndinanyamula kabuku kakale ka zithunzi ka Sara, kothothoka chikuto, kamene ndinakapeza m'katoni ya mabuku kuntchito kwathu. Ine ndinkati ntchito yaikulu ikhala yoloweza mawu. Ayi ndithu. Tinatha ola lathunthu pansi pa mtengo wa mango tikulimbana ndi funso limodzi: ndani akhale ndani?

Ambiri mwa inu simunamuonepo Sara. Ndi mtsikana wongopeka amene bungwe la UNICEF linamuyambitsa m'zaka za m'ma 1990 kuti aziphunzitsa ana a kum'mawa ndi kum'mwera kwa Africa kudzera m'mabuku, pawailesi ndi pakanema. Sara sayenda yekha. Ali ndi mnzake wa pondapa n'pondepo dzina lake Amina, mnyamata wotchedwa Juma, komanso kapusi kochenjera, Zingo. M'nkhani imene tinasankha, Amina, mwana wamasiye, akugwa m'manja mwa madalaivala a mathiraki a zolinga zoipa, ndipo Sara ndiye akumupulumutsa.

Atsikana asanu anaimika mikono kufuna kukhala Sara. Anyamata anatsala pang'ono kumenyanirana Zingo, poti iyeyu ntchito yake n'kudumphadumpha ndi kuseketsa anthu. Ngakhale udalaivala unapeza mwini msanga, chifukwa dalaivala amavala magalasi akuda n'kumazunguza makiyi pachala. Nditafunsa za Amina, onse anangoti zii, maso pansi. Kenaka mtsikana wina anati, "Adokotala, ine ndikakhala Amina, mawa pamjigo azikanditchula wamathiraki."

Sindinamuseke, chifukwa sananame. Kuno kwathu dzina la m'sewero silichoka. Taonani a Michael Usi, amene anasewera zaka zambiri ngati Manganya m'sewero la Tikuferanji. Ngakhale atakhala wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko lino mu 2024, anthu ankawatchulabe Manganya. Ngati dzina limakakamira munthu wamkulu chotero, nanga mtsikana wa Fomu 2 amene amatunga madzi pamjigo umodzi ndi onse oonera sewero lija?

Koma achinyamata anzanga, tauzanani zoona. Pagulu lanu la anayi kapena asanu, onse ndinu a Sara? Amina si chitsiru, ndiponso si wamakhalidwe oipa. Ndi mwana amene makolo ake anamwalira, njala ndi kusowa fizi zamupanikiza, ndiye wina wabwera ndi mawu okoma. Kaimeni pa Mponela kapena pa Madisi madzulo, pamene mathiraki a mumsewu wa M1 akupumula, makamaka nyengo yogulitsa fodya ndalama zikamayenda. Mudzaona kuti Amina si wa m'kabuku kokha. Amavala yunifolomu ngati yanu, ndipo mwina mumakhala naye desiki imodzi.

Pantchito yanga ndimakumana ndi a Amina, ndipo chimene chimandiwawa n'chakuti amabwera okha, amabweranso mochedwa. Ndikafunsa chifukwa chimene sanauzire mnzawo, yankho limakhala lomwelo: "Akanandiseka." Pagulu pamene aliyense amadzionetsa kuti ndi Sara wosalakwa, amene wagwa m'mavuto amatseka pakamwa. Pamenepo masiku amapita. Munthu amene wagwiriridwa, kapena wagonana mosadziteteza ndi munthu amene sakudziwa mmene m'thupi mwake muliri, angathe kulandira mankhwala otchedwa PEP omuteteza kuti asatenge kachirombo ka HIV. Koma ayenera kuyamba kumwa pasanathe maola 72, ndipo amamwa kwa masiku 28 osadumphitsa. Maola 72 ndi masiku atatu okha. Manyazi a sabata imodzi amatha masiku atatuwo.

Za Juma ndingonenako pang'ono. Anyamata ankamuthawa ati saseketsa, ndiponso mnyamata wocheza ndi atsikana popanda kuwafunsira amamuti ndi wobalalika mutu. Zimenezo tidzakambirana tsiku lina, anyamata inu, sindinakuiwaleni.

Mkangano unatha mwa njira imene sindinaiganizire. Wapampando wa kalabuyo, mtsikana wa Fomu 3 amene amaimbanso kwaya ndipo amayi a m'mudzimo amamulemekeza, anaimirira n'kunena kuti Amina akhala iyeyo. "Andiitane dzinalo pamjigo, ndidzawayankha," anatero. Koma anapempha chinthu chimodzi, chakuti tisinthe mathero. M'kabuku muja Sara amafika nthawi yabwino. Iye anati m'moyo weniweni mnzako nthawi zina amafika zinthu zitachitika kale, choncho m'sewero lathu Sara achedwe, apeze Amina akulira kuseri kwa golosale m'mamawa, asamufunse mafunso ambiri, angomugwira mkono n'kumuperekeza kuchipatala tsiku lomwelo, kenaka kupolisi ku ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza.

Atatero, awiri mwa asanu aja anatsitsa mikono. Ati gawo la Sara lavuta tsopano, mulibenso zothamangitsa mathiraki. Linatsala kwa mtsikana uja wa pamjigo, amene anavomera mwamanyazi. Za Zingo tinachita kulemba maina patimapepala n'kuika m'chipewa. Kanagwera mnyamata wamtali kuposa onse, ndipo mpaka lero akufunafuna chingwe chopangira mchira tsiku lamsika lisanafike.