Kabati ya kuchipatala si ya pabalaza

Akalipentala a ku Nsipe, m'mbali mwa msewu wa M1 ku Ntcheu, adazolowera maoda a mabedi, zitseko ndi makabati a m'nyumba. Koma palinso msika wina wa ndalama: chipatala cha mishoni cha pa Nsipe, makiliniki omwe si aboma, ndiponso mashopu a mankhwala mpaka pa boma la Ntcheu. Malo onsewa amafuna makabati, mashelefu ndi makauntala. Chomwe chimagwetsa amisiri ambiri pa oda yotere si luso ayi, koma kusankha molakwika bolodi ya pamwamba.

Kabati ya pabalaza amangoipukuta fumbi. Ya kuchipatala imanyowa tsiku ndi tsiku. Magazi akadontha, ogwira ntchito amatsuka ndi madzi a kolorini a 0.5 peresenti. Madziwa amawapanga posakaniza muyezo umodzi wa Jik wa 3.5 peresenti ndi miyezo 6 ya madzi. Kolorini ndi sipiriti zimadya vanishi pang'onopang'ono, thabwa n'kuyamba kumwa madzi. M'ming'alu yake ndi momwe mumabisala tizilombo toyambitsa matenda.

N'chifukwa chake mapulanga a paini, ngakhale mlombwa wokongola uja, sayenera kukhala pamwamba pa kauntala. Ntchito yake ikhale ya felemu ndi miyendo.

Chipboard ndi MDF zokutidwa ndi melamine ndi zotsikirapo mtengo ndipo sizivuta kupukuta. Vuto lili m'mphepete modulamo. Madzi akangolowa, bolodi imafufuma ndipo siibwereranso. Izi ndi za mashelefu a m'mwamba, pouma, ndipo mphepete zonse zimatidwe tepi, ngakhale za kumbuyo zosaoneka.

Pa kauntala ndi pafupi ndi sinki, plywood kapena blockboard yomatidwa Formica imalimba kuposa zinazi. Mabolodi otere amapangidwa konkuno ndi kampani ya Raiply ku Chikangawa, ndipo bolodi imodzi imakhala mamilimita 2440 m'litali ndi 1220 m'lifupi. Wodziwa muyezowu amakonza kauntala yake kuti ituluke m'bolodi imodzi popanda cholumikiza pakati, poti pa joini ndi pomwe madzi amayambira kuwononga.

M'chipinda chotsukira mabala ndi kulabotale, chitsulo cha stainless steel ndicho choyenera. Ndi chodula, komanso kolorini akakhalitsapo chimachita timaenje, choncho kasitomala auzidwe kuti azitsukuluza ndi madzi. Chitsulo wamba chopaka penti chimachita dzimbiri msanga.

Kabati isakhale pansi penipeni. Miyendo yotalikirapo imathandiza wokolopa kufika kunsi, komanso chinyontho ndi chiswe sizifika msanga pa bolodi.

Pa nkhani ya mitengo, mabolodi a melamine ndi Formica ambiri amachokera kunja. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, zinthu zotere zidakwera nthawi yomweyo. Mmisiri wochenjera amayamba wafunsa mtengo wa lero ku hadiweya, n'kulemba pa kotesheni mtundu wa bolodi, kukhuthala kwake ndi masiku omwe mtengowo ugwire ntchito. Atha kupereka mitengo iwiri, wa melamine ndi wa Formica, kuti mwini asankhe akudziwa kusiyana kwake.

Safunsa adadya phula. Asanatenge dipoziti, kalipentala afunse kuti kabatiyo ikakhala m'chipinda chiti ndipo azikaitsuka ndi chiyani. Kauntala ikafufuma chaka chisanathe, oda yachiwiri imapita kwa mnzake.